"Ndasintha" ndi "Sangasinthe": Phunziro pa Mawu a Kusintha



Kapepala aka tiwerenge mokweza, munthu mmodzi ndime imodzi. Pamene pavuta tiime, tikambirane, kenako tipitirize.

Pali mawu awiri amene timawamva kawirikawiri m'makomo mwathu, pamjigo, pamsika ndi pabwalo la amfumu. Oyamba ndi akuti "ndasintha." Amawanena bambo amene ankathera ndalama za feteleza ku mowa, atakhala pamaso pa ankhoswe kupempha kuti banja lisathe. Amawanenanso mnyamata amene anagwidwapo ndi mbuzi ya eni ake, pamene akufuna ganyu. Achiwiri ndi akuti "ameneyo sangasinthe." Awa timanena ndife owonerera.

Mawu onse awiriwa amatha kupweteka munthu. "Ndasintha" akakhala abodza, mayi ndi ana amabwerera m'mavuto omwe aja. "Sangasinthe" akakhala abodza, timatsekera mnzathu khomo limene Mulungu sanamutsekere. Tsono n'kofunika kudziwa chimene tikutanthauza tikamalankhula za kusintha. Chichewa chili ndi mawu ambiri pa nkhaniyi, ndipo aliwonse ali ndi ntchito yake.

1. Kusintha: kuchotsa china n'kuikapo china

M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, kusintha nthawi zambiri n'kuchotsa chinthu n'kuikapo chinzake. Mwana akabwera kusukulu amasintha zovala. Wakabaza amasintha tayala. Mlimi amasintha mbewu m'munda, chaka chino chimanga, chaka chamawa mtedza. Kugolosale timasintha ndalama: tikapereka ya pepala lalikulu amatipatsa zing'onozing'ono, ndipo zotsala tikagula timazitcha chenji.

Tawonani chimene chimachitika posintha ndalama. Mapepala ndi ena, koma chimene mungagule nazo n'chomwe chija. Achikulire ena pakati pathu akukumbukira chaka cha 1971, pamene dziko lathu linasiya mapaundi n'kuyamba kwacha. Paundi imodzi inkasinthidwa ndi makwacha awiri. Munthu amene anali ndi mapaundi asanu anapezeka ali ndi makwacha khumi, koma sanalemere. Chiwerengero chinakula, thumba linakhala momwemo.

Mayinanso amasintha motere. Mu 1964 Nyasaland anakhala Malawi. Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald anakhala Nsanje. Mu 1968 chilankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chinayamba kutchedwa Chichewa m'dziko muno, chikhalirecho ku Zambia ndi ku Mozambique chikutchedwabe Chinyanja, ndipo tikakumana ndi abale athu a kumeneko timamvana bwinobwino. Kwathu kuno, mu 2003 Neno anapatulidwa ku Mwanza n'kukhala boma palokha. Dzina la boma linabwera tsiku limodzi. Koma zinthu zimene boma limafunika kukhala nazo zinatenga zaka, ndipo zina zikadali m'njira. Mwachitsanzo, pa zaumoyo panafunika anthu ogwira ntchito nthawi yaitali, monga pamene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo muno mu 2007.

Kusintha dzina si kulakwa. Makolo athu ankadziwa kuti dzina labwino ndi limene limatsatira chinthu chenicheni. Mtsikana satchedwa "amake a uje" asanabereke. Mwana amayamba wabadwa, dzina n'kubwera pambuyo. Vuto limakhalapo pamene tatsogoza dzina, n'kumaganiza kuti ntchito yatha. Munthu atha kulembetsa kuti ndi m'Bahá'í, n'kuphunzira moni watsopano ndi nyimbo zatsopano, koma sikelo yake yogulira nandolo n'kukhala yobera yomwe ija. Ameneyo wasintha zovala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

2. Mneni mmodzi, misintho yambiri

Amene anaphunzira malamulo a Chichewa kusukulu akudziwa kuti tizidutswa timene timawonjezera pa mneni kuti tanthauzo lisunthe pang'ono timapanga zimene aphunzitsi amazitcha misintho ya aneni. Mneni wathu wa lero nayenso ali ndi misintho yake, ndipo uliwonse ukutiphunzitsa kanthu.

Kusinthidwa n'kuchitiridwa ndi wina. Mphunzitsi amasinthidwa sukulu, kalata ikabwera amanyamula katundu, afune asafune. Khalidwe la munthu silingasinthidwe chotere. Mwana amene amasiya kutukwana chifukwa choopa chikoti amayambiranso bambo ake akangopita kumsika.

Kusinthitsa n'kuchititsa kuti wina asinthe. Apa ndi pamene ambiri a ife timakonda kuthera mphamvu. Mwamuna akufuna kusinthitsa mkazi, mpongozi akufuna kusinthitsa mtengwa, woyandikana nyumba akufuna kusinthitsa mnzake. Ntchito imeneyi imatikomera chifukwa siipweteka ife. Koma mtima umene tapatsidwa kuti tiuyang'anire usana ndi usiku ndi umodzi wokha, wathu womwe.

Kusinthika kumanena za chinthu chimene chasintha popanda kutchula wochisintha, ndiponso za chinthu chimene n'chotheka kusintha. Dothi la m'dambo likadali lonyowa limasinthika, woumba atha kuphwanya m'phika wopotoka n'kuumbanso. Funso lalikulu la phunziro lathu lagona m'mawu amenewa: kodi munthu ndi wosinthika? Chiphunzitso chathu chimayankha kuti inde, malinga ngati akupuma.

Kusinthasintha n'kusakhazikika. Timati nyengo ikusinthasintha pamene mvula ikubwera mochedwa chaka china, chaka china n'kukokolola minda. Timatinso munthu ndi wosinthasintha ngati birimankhwe pamene ali ndi mawu ena kwa amfumu, ena kwa anzake, enanso kunyumba. Birimankhwe akasintha mtundu amakhalabe birimankhwe. Pali abwenzi ena amene amayamba buku lophunzira ndi moto, masabata atatu n'kusowa, n'kudzayambanso chaka chamawa. Kuyenda kotere n'kozungulira bwalo.

Kusinthana ndi ntchito ya anthu awiri kapena kuposerapo. Wakumtunda kwa Dambe, kumene kumazizira, ali ndi mbatata ya kachewere ndi tirigu. Wakumunsi ku Lisungwi, kumene kumatentha, ali ndi zake zimene kumtunda sizichita bwino. Kuyambira kale anthu amasinthana zinthu, aliyense n'kubwerera kwawo ndi chimene analibe. Timasinthananso posinja, podikirira wodwala, ponyamula maliro. Gulu lophunzira ngati lathu lino limayenda ndi msintho umenewu. Pano palibe mmodzi wodziwa zonse woti asinthitse enafe. Agogo amene sadziwa kuwerenga ali ndi nzeru imene wa Fomu 4 alibe, ndipo wa Fomu 4 amawawerengera agogo ndime.

3. Kukonza, kuwongola ndi chigamba

Nthawi zina chinthu sichifunika kuchichotsa. Chimangofunika kukonza. Njinga ikaduka tcheni sitiitaya. Telala amapungula diresi lalikulu, amawonjezera nsalu pa lothina, amasoka chigamba pong'ambika. Denga likayamba kudontha timafolera pamene patha udzu. Kukonza kumavomereza kuti chinthucho n'chabwino, kungoti pali pena pamene palakwika.

Mawu amenewa ndi otonthoza kwa munthu amene amadziona ngati wachabechabe. Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti munthu analengedwa wolemekezeka, ndipo anamufanizira ndi mgodi wodzaza ndi miyala yamtengo wapatali imene maphunziro ndiwo amaitulutsa. Ngati zili choncho, ntchito yathu ndi kukumba ndi kutsuka chimene Mulungu anaikamo kale.

Tamvaninso mawu akuti kukonzeka. Njinga ikatuluka kwa amisiri timati yakonzeka. Munthu akamanga katundu wa paulendo timatinso wakonzeka. Chichewa chinaika matanthauzo awiriwa m'liwu limodzi. Chinthu chimakonzedwa kuti chigwire ntchito. Munthu amene akulimbana ndi mkwiyo wake kapena ulesi wake akudzikonza kuti athe kuphunzitsa kalasi ya ana, kuchezera odwala, ndi kukambirana ndi anzake popanda ndewu. Ndipo sitidikira kuti tikonzeke kotheratu tisanayambe kutumikira, chifukwa kutumikirako n'kumene kumatisonyeza pamene pakufunika kukonza.

Kuwongola n'kwa chinthu chopindika. Mwambi uja umati kuwongola mtengo m'poyamba. N'chifukwa chake timaika mtima kwambiri pa makalasi a ana ndi magulu a achinyamata achisodzera. Koma tisautembenuze mwambiwu kuti uzinena zimene sunanene. Ukutiuza kuti kuwongola n'kosavuta mtengo ukadali nthete. Sukutiuza kuti munthu wa imvi ndi wotayika.

Chigamba nacho chili ndi malire. Nsalu ikafumbwa yonse, chigamba chimangong'amba pena. Bambo amene wasiya kachasu koma wayamba juga wasoka chigamba. Chimene chinkamutumiza kumowa chikadalipo, changopeza khomo lina.

4. Kutembenuka

Timatembenuza nsomba pamoto. Timatembenuza dothi ndi khasu kuti zinyalala zipite pansi zikawole. Munthu akaitanidwa kumbuyo amatembenuka. Anthu a zipembedzo zosiyanasiyana m'dziko muno amanena za kutembenuka mtima, ndipo mawuwa ndi okongola.

Taganizirani munthu amene ali pa Zalewa, akufuna kupita ku Mwanza, koma wayang'ana msewu wa ku Blantyre. Wina akamuuza kuti walakwitsa, amatembenuka. Kodi wafika ku Mwanza? Ayi, akadali pa Zalewa pomwepo, ndipo mtunda sunachepe ndi phazi limodzi lomwe. Chimene chasintha n'chakuti phazi lililonse limene aponye kuyambira tsopano likumufikitsa kufupi.

Kutembenuka kumatha kuchitika m'kanthawi kochepa: pamaliro, pomva pemphero, pogona m'chipatala. Tisakunyoze, chifukwa popanda kutembenuka ulendo sungayambe. Koma tisakutenge ngati kufika. Ambiri amene amati "ndasintha" sakunama dala. Atembenukadi, kungoti asokoneza kutembenuka ndi kufika.

Ife a Bahá'í tikamanena pemphero lathu la tsiku ndi tsiku lolamulidwa, timatembenukira ku Bahjí, pafupi ndi mzinda wa 'Akká, kumene kuli manda opatulika a Bahá'u'lláh. Kuchokera kuno ku Neno kumeneko ndi kumpoto. Lamuloli ndi la tsiku lililonse. Mtima umapotoka pang'onopang'ono ndi zochitika za tsiku, ndipo umafunika kuutembenuzanso mawa. Timaphunzitsidwanso kudziwerengera tokha tsiku lililonse zimene tachita, monga wamalonda amawerengera ndalama madzulo asanatseke okala.

5. Kusanduka ndi kusandulika

Mawu olemera kwambiri pa onsewa ndi kusanduka. Apa chinthu chimakhala chinthu china. Mkaka umasanduka chambiko. Mbozi imasanduka gulugufe. M'nthano za agogo munthu ankasanduka fisi kapena mwala. Kusandulika kumamveka kwambiri m'chilankhulo cha mapemphero, ponena za munthu amene wakhala watsopano m'kati ndi kunja.

Si kusanduka konse kumene kuli kwabwino. Tonse timawona matumba a makala m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa. Mtengo umene unatenga zaka makumi kuti ukule umasanduka makala m'masiku ochepa m'ng'anjo, ndipo makala sangabwererenso kukhala mtengo. Sitikunena izi ponyoza owotcha makala, ambiri mwa iwo akuthamangitsidwa ndi njala. Tikungofuna kuwona kuti kusanduka kowononga kumafulumira. Mbiri yabwino ya mtsikana imatha kusanduka phulusa ndi miseche ya madzulo amodzi. Ubwenzi wa zaka 20 umatha ndi ngongole imodzi yokanidwa.

Kusanduka komanga kumachedwa. Dera lathu ndi la Mwanza limadziwika ndi manachesi ndi malalanje, ndipo alimi a zipatso amadziwa kumezanitsa. Amafesa mandimu, chifukwa tsinde lake ndi lolimba. Kamtengo kakakula pang'ono amakacheka n'kulumikizapo kanthambi kapena diso la mtengo wa zipatso zokoma, n'kumanga bwino ndi pulasitiki. Mizu ndi ya mandimu, nthaka ndi yomwe ija, madzi ndi omwe aja, koma pakapita zaka zingapo mtengowo umabala zipatso zotsekemera. 'Abdu'l-Bahá ankakonda kufanizira ntchito ya mphunzitsi ndi ya wosamalira munda, amene amachititsa mtengo wa zipatso zowawa kubala zokoma.

Pali zinthu zitatu zimene womezanitsa amadziwa. Choyamba, pamafunika kucheka. Popanda bala kanthambi sikangalumikizike, ndipo munthu amene sanavomere kuti analakwa alibe polowetsa Mawu a Mulungu. Chachiwiri, pamafunika kumanga ndi kuthirira kwa masabata ambiri pamene diso silikuwona kanthu. Chachitatu, tsinde la mandimu limaphukabe mphukira zake m'munsi mwa pomezanitsa. Mlimi akazilekerera zimakula mwamphamvu, zimalanda chakudya, ndipo mtengo umabwerera kubala mandimu. Madzi saiwala khwawa. Munthu amene wasandulikadi amayenderabe mtengo wake n'kumathyola mphukira, ngakhale patapita zaka 10.

Mu Kitáb-i-Íqán, buku limene Bahá'u'lláh analemba ku Baghdad cha m'ma 1861 ndi 1862, muli chiphunzitso chakuti cholinga cha kubwera kwa Mthenga aliyense wa Mulungu ndi kusanduliza khalidwe la anthu, m'mitima ndiponso m'kakhalidwe kawo kowonekera. Mbali zonse ziwiri zimafunika. Kusandulika kwa mumtima kumene sikuwoneka pa sikelo, pa ndalama za gulu ndi pa mmene timalankhulira ndi akazi athu kapena amuna athu n'kokayikitsa. Ndipo mudzi sungasandulike ndi malamulo atsopano okha ngati anthu ake ali omwe aja.

6. Zoyenera kusintha ndi zosayenera kusintha

Ena amaopa mawu akuti kusintha. Amati, "Mukufuna kutisiyitsa za makolo." Enanso amakonda chilichonse chatsopano. Chiphunzitso cha Bahá'í chimatithandiza kusiyanitsa.

Timakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo sasintha, ndiponso kuti Amithenga ake onse anaphunzitsa choonadi chauzimu chimodzi: kukonda Mulungu, kunena zoona, kuchita chilungamo, kuchitira chifundo wosauka ndi mlendo. Izi sizikalamba. Koma malamulo a kakhalidwe ka anthu, monga a ukwati, zakudya ndi masiku opatulika, akhala akusintha malinga ndi nthawi, monga sing'anga waluso amasinthira mankhwala matenda akakhala ena.

Ngakhale m'kayendetsedwe ka Chipembedzo chathu malire amenewa alipo. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse, imene inasankhidwa koyamba mu 1963 ndipo ili ku Haifa, ili ndi mphamvu yoika malamulo pa nkhani zimene sizinalembedwe m'Malemba Oyera. Itha kusintha kapena kuchotsa malamulo amene yaika yokha nthawi ikafuna kutero. Koma siingasinthe chimene Bahá'u'lláh analemba.

Tibwere nazo kumudzi. Kulemekeza akuluakulu, kulira maliro pamodzi, kulandira mlendo ndi madzi akumwa, kulera ana amasiye a m'bale wako: izi tizigwire zolimba. Koma kusiyitsa mtsikana sukulu kuti akwatiwe, kapena kunena kuti mkazi asalankhule pokambirana za ndalama za m'banja, n'zoyenera kusintha. Chiphunzitso chathu chimati akazi ndi amuna ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo ngati banja silingathe kuphunzitsa ana onse, liyambe ndi atsikana, chifukwa iwo ndi amene adzakhale aphunzitsi oyamba a m'badwo wotsatira. Mtengo umayoyola masamba chaka ndi chaka, mizu ili m'malo.

7. Tizilankhula bwanji tsono?

Tikafuna kunena za ife eni, tisankhe mawu oona. M'malo mothamangira kunena kuti "ndasintha," titha kunena kuti "ndatembenuka, ndithandizeni kuyenda," kapena "ndikukonza ichi." Mawu otere ndi odzichepetsa, ndipo amasiyira anzathu mpata wotikumbutsa tikaterereka. Zoti tasandulika azinena ndi ena, akalawa zipatso.

Tikamanena za anzathu, mawu akuti "sangasinthe" tiwasiye. Amene amawanena akudziika pamalo a Mulungu, ndipo kawirikawiri amawanena mwini wake palibe, imene ili miseche yoletsedwa kwa ife. Mnyamata amene anabapo, ngati mudzi wonse wagwirizana kuti ndi mbava mpaka imfa, sapeza ganyu, sapeza bwenzi, ndipo amabwerera kwa okhawo amene amamulandira. Kenako timati, "Mwaona, tinanena." 'Abdu'l-Bahá ankalangiza kuti tiziyang'ana khalidwe labwino mwa munthu, ngakhale litakhala limodzi lokha pakati pa zoipa zambiri. Pamenepo ndi pomezanitsira.

Koma pano tichenjere. Kukhulupirira kuti munthu ndi wosinthika sikutanthauza kukhulupirira aliyense wonena kuti wasintha. Mayi amene wakhala akumenyedwa asakakamizidwe kubwerera chifukwa chakuti mwamuna walira pamaso pa ankhoswe. Nkhanza za m'banja n'zoletsedwa m'chiphunzitso chathu ndi m'malamulo a dziko, ndipo moyo wa mayi ndi ana uyenera kutetezedwa poyamba. Msungichuma amene anadya ndalama za banki m'khonde titha kumukhululukira lero, osamupatsanso bokosi mawa. Kukhululuka ndi ntchito ya mtima wathu, ndipo sikudikira. Kukhulupirika ndi chipatso cha mtengo wake, ndipo chimapsa ndi nyengo. Tikamupatsa munthu ntchito yaing'ono, n'kumuyang'anira mwachikondi, n'kumuwonjezera akaitha, tamuchitira chifundo ndi chilungamo pamodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mafunso oti tikambirane

1. Pangani ziganizo ndi mawu awa, kuchokera m'moyo wa m'mudzi mwanu: kusintha, kusinthana, kusinthasintha, kukonza, kutembenuka, kusanduka.
2. Kodi kutembenuka ndi kusandulika zimasiyana pati? Chimodzi chingachitike popanda chinzake?
3. Tchulani miyambo iwiri ya kwanu imene mukuona kuti tiisunge, ndi umodzi umene ukufunika kukonza. Fotokozani chifukwa chake popanda kutchula dzina la munthu.
4. Munthu amene analakwira mudzi akati wasintha, gulu lingamuthandize bwanji popanda kuika ena pangozi?
5. Kodi mphukira za m'munsi zimene zimavutitsa gulu lophunzira ngati lathu lino ndi ziti?

Zoti tichite sabata ino

Aliyense asankhe khalidwe limodzi lokha limene akufuna kukonza, ndipo asauze munthu. Madzulo aliwonse, akatha kupemphera, adzifunse mmene zayendera tsikulo. Ndipo tikamva wina akunenedwa kuti sangasinthe, titchule chabwino chimodzi chimene tikuchidziwa mwa munthuyo, kapena tisinthe nkhani.

Tisanabalalike, mmodzi wa ife atitsogolere m'pemphero.